Lendi ya Malemu Lazarus

Thecla anaima pakati pa chipinda akuunguza poti akhale, koma munalibe mpando, munalibe tebulo, ngakhale kachitsa komwe. Pasimenti panangotsala zipsera pamene miyendo ya sofa inkaponda. Emelina anamuyalira chitenje pafupi ndi khomo, pamene kamphepo ka ku Zambezi kankayesako kulowa, iye mwini n'kukakhala poteropo, kutsamira khoma.

"Pepani amadamu, mipando inatsatira mwini wake," anatero Emelina.

Thecla sanaseke. Mtsikanayu ndiye ankatolera lendi m'nyumba za Bungwe la Pogona, tinyumba ta zipinda ziwiri timene tinamangidwa kumtunda kwa boma la Luangwa kuti anthu amene madzi anawakokolera zonse m'mphepete mwa mtsinje apeze pobisa mutu. Lendi yake inali yochepa, mtengo wa nsomba zingapo basi, koma chochepa chikaunjikana chimathyola msana. Lazarus, mwamuna wa Emelina, anadwala chifuwa chaka chathunthu osaponya ukonde m'madzi, ndipo pamene ankatsirizika m'chipatala ku Katondwe, lendi inali itakwera ngati chulu.

"Amake Kezia, komiti inakhala pansi dzana," anayamba Thecla. "Miyezi iyi mwakhala muno chimwalirire abambo, akuti sawerenga, n'chipepeso. Koma ija yakumbuyo, ya malemu ali moyo, ija ndiye yavuta."

"Mukawauze eni ake. Manda awo mukuwadziwa, munalipo."

"Amai, sindinabwere kudzakangana. Ndimvereni bwino chifukwa njira ilipo. Ngongole ya munthu wakufa sigwera mkazi wake, iyai. Imatuluka m'katundu amene wasiya, ndipo amene wagwira katunduyo ndiye amalipira. Manje ndifunse, katundu wa ba Lazarus ali kuti?"

Emelina anangoyang'ana zipsera zija. Ali kuti! Komboni yonse inaona. Dothi la kumanda lisanaume, a Nason, akulu ake a Lazarus a ku Mburuma, anabwera ndi thiraki ya makala. Anakweza sofa, matiresi, njinga, sola ya padenga, maukonde ndi mbuzi, ati tikasunge kumudzi mpaka tsiku logawa. Mwadiya, bwato lija linkadyetsa banjali, anaumasula okha padoko n'kuupereka kwa msodzi wina wa ku Kavalamanja. A Nason anangomusiyira Emelina miphika, poti miphika ndi ya mkazi.

"Lachisanu komiti idzakuitanani, inu ndi alamu anu," anapitiriza Thecla. "Mukadzanena pamaso pa anthu zimene anatenga, bungwe liwatengera ku khoti. Adzagulitsa mbuzi kaya mwadiya, ngongole ithe, nyumba ilembedwe m'dzina lanu. Koma pakamwa pakhale panu. Aneba onse akukana, akuti za m'banja la eni salowerera."

"Nanga ndikanena kuti sanasiye kanthu?"

"Ndiye kuti ngongole yafa nawo, palibe adzakufunsani ngakhale ngwee. Koma nyumba ibwerera ku bungwe, chifukwa lamulo lathu ndi loti nyumba yangongole sipita kwa wachibale. Kuseri kwa msika kuli mabanja akugonabe m'misasa ya mabango, akudikira. Mwezi ukatha mudzapereka kiyi."

Emelina anayang'ana kudenga. Nyumba iyi sanaitole panjira. Pamene inkamangidwa, bungwe linkapereka simenti ndi malata, eni ake n'kumapereka thukuta. Iye anasenza mchenga pamutu kuchokera kumtsinje mpaka kumtunda kuno ali ndi pakati pa Kezia, miyendo itatupa, dzuwa la kuno ku Luangwa, kumene akale amati ku Feira, likuswa mtengo. Muno ndi momwe anagona koyamba mvula ikugwa osatchera khutu kumva ngati madzi akubwera. Sukulu ya Kezia inali pafupi, belu linkamveka ali pakhonde.

Thecla anakulira ku Lusaka, ndipo kwa iye nkhaniyi inali yowongoka ngati msewu wa tala. Sanadziwe kuti khoswe wakhala pamkhate. Kuno mkazi mwamuna wake akamwalira sangoimirira, kukutumula chitenje n'kumapita. Amakhala ndi malemuyo pathupi mpaka akuchimuna adzamusudzule. Wamkulu wa banja amamuimika pakhomo la nyumba imene ankagona ndi mwamuna wake, amamupaka ufa woyera pamphumi, n'kunena pamaso pa anthu kuti mwana wa eniyu tamumasula. Zimenezi zisanachitike, dzanja lake anthu salilandira, chakudya chimene wathira mchere sachidya, ndipo kwawo sangabwerere, angakatule imfa ya eni pakhomo pa amake. Tsono wamkulu wa banja la Lazarus anali yemweyo, a Nason.

Emelina anali atayesa kale kuti mwina anthu aiwala. Kale vitumbuwa vyake vinkatha dzuwa lisanafike pamutu, madalaivala ankachita kulimbirana. Maliro atapita anakongola mafuta ndi fulawa, n'kukakhala pamalo pake pamsika. Anthu ankadutsa, kupereka moni wapakamwa, maso ali kwina. Ena ankachita kukokera ana awo kumbali. Madzulo beseni linabwerera lodzaza, ndipo vitumbuwa vija anadya yekha ndi Kezia mpaka vinachita nkhungu. Ansembe anamuuza kuti pemphero ndi lokwanira, Mkhristu samangidwa ndi wakufa. Ananena zoona mwina, koma ansembe sagula vitumbuwa.

Anayesanso kwawo. Emelina anabadwira ku Zumbo, tsidya lija la Mozambiki, poti munthu ataima padoko la Feira amaona akazi akuchapa. Mlongo wake Arlindo ankawolotsa anthu tsiku ndi tsiku. Atamupempha kuti amuwolotse akapumeko kwa amake, Arlindo anaika nkhafi pakati pa iye ndi mwadiya.

"Mlongo wanga, ndimakukonda, koma sindingakweze anthu awiri wina osamuona," anatero Arlindo. "Mvuu zikatigudubuza pakati apa anthu adzati chiyani? Akusudzule kaye, ndidzakunyamula ulere."

Ndiye taonani mmene zinamangirirana. Kuti asunge nyumba, atchule a Nason. Akatchula a Nason, adzamusudzula ndani?

"Ndamva amadamu," anatero Emelina potsiriza. "Ndikaonane nawo kaye alamu anga. Mwina ali ndi mtima."

Thecla ananyamuka, n'kutambasula dzanja kuti atsanzike. Emelina anabisa lake m'khwapa. Mtsikanayo anaganiza kuti mayiyo wakwiya naye.

M'mawa mwake Emelina anasiya Kezia akupita kusukulu, n'kukwera thiraki yokatenga makala. Anamuika kumbuyo kwenikweni, payekha, pamwamba pa masaka opanda kanthu. Atatsika pamphambano anayenda wapansi, akudumpha ndowe za njovu zofuka nthunzi, mtima uli m'mwamba. Koma kunena zoona, tsiku limenelo njovu ikanatulukira sakanathamanga kwambiri.

Anawapeza a Nason atakhala pansi pa mtengo wa masau, pa sofa yake. Sofayo inakanika kulowa pakhomo la nyumba yawo, ndiye inkangogona panja. Nsalu yake inali itayera ndi dzuwa, mkono umodzi ana ambuzi anali atauboola, ndipo nkhuku inali itaikira pakona. Emelina anaigula ndi ndalama za vitumbuwa, pang'onopang'ono, ndipo kwake sankalola ngakhale Kezia kuikapo mapazi. Anamva misozi ikubwera, n'kuimeza.

"Aaa, mlamu! Mwatikumbuka lero?" anafuula a Nason, nkhope ili mwee. Anali munthu wa mawu ofewa, wosakalipa, wa mtundu uja umakudula chala ukuseka nawo. "Khalani, khalani. Make mwana, mlendo amwe madzi!"

Emelina anagwada pafumbi, n'kuwomba m'manja. Akazi awo a Nason anabwera ndi madzi m'kapu yothyoka chogwirira, n'kuiika pansi patali ndithu, ngati mmene amaikira mbale ya galu.

"Alamu, ndabwera ndi miyendo yanga," anatero Emelina. "Mvula yapita, anthu akolola, masau apsa. Ine ndikadali womangika. Mundimasule."

"Mwafulumira bwanji, mlamu? Kapena alipo kale wina akutsokomola kuseri kwa nyumba?"

"Amene akutsokomola ndi mwana wa mng'ono wanu. Njala yatikwana. Palibe akugula chochokera m'manja mwanga. Ndipo tsopano akufuna kutitulutsa m'nyumba."

"Zimenezo ndamva," anatero a Nason akutola sau pansi, n'kulipukuta pamalaya. "Khutu langa ndi lalitali, limafika ku boma. Ndamva kuti kamtsikana ka lendi kakufuna kundionetsa khoti. Ine, munthu wosadziwa ndi khomo lomwe la nyumbayo kuti linayang'ana kuti! Ndinagonamo ine? Mvula itagwa, denga limenelo linafunditsa ine?"

"Simunagonemo, alamu. Koma akuti ngongole ya malemu imatuluka m'katundu wawo. Sindikupempha zonse. Mugulitseko mbuzi ziwiri zokha, zina zonse zikhale zanu, sindidzatsegula pakamwa mpaka kufa."

"Mbuzi ziti? Za Lazarus zinadyedwa pamaliro. Izi mukuonazi ndi zanga."

Nthawi yomweyo mbuzi ya khutu long'ambika inachoka pagulu, n'kubwera kudzanunkhiza chitenje cha Emelina. Anailera ndi iye, ndi makoko a nthochi ndi madzi otsukira miphika. A Nason anaigenda ndi njere ya sau.

"Mbuzi za kuno n'zopanda ulemu, zimazolowera aliyense," anatero. Kenako anawerama, mawu n'kutsika. "Mlamu, tisazungulire ngati galu wofuna kugona. Mng'ono wanga ndinamulera ndine, atate atamwalira. Ndinamuphunzitsa kupalasa, ukonde wake woyamba ndinagula ndine. Zaka zonsezi akudya nsomba ku boma, ananditumizirapo ngakhale mutu wa mcheni? Lero ndatolako tizinthu, mukuti ndikaime m'khoti ngati mbala, ana anga akuonerera? Iyai. Lachisanu ndibwera. Akakufunsani, mudzadziwa chonena. Mukanena bwino, tsiku lomwelo ndikupakani ufa, dzuwa lisanapendeke. Koma mukanditchula, ndiye kuti mwasankha khoti kukhala mlamu wanu. A khotiwo adzakusudzuleni."

"Nanga Kezia akagona kuti? Si magazi anu?"

"Mwana ndi wa make. Kwanu ku Zumbo kulibe nyumba?"

Emelina analira pamenepo, kulira kwenikweni, kogwetsa mamina. Anakwawa ndi maondo, anatchula dzina la Lazarus, anatchula Mulungu. A Nason anangopinda miyendo yawo kuti angawakhudze, n'kuyamba kukamba za njovu zimene zinawathera mapira. Madzi a m'kapu ija Emelina sanawamwe.

Masiku otsatirawo Emelina ankangozungulira m'zipinda ziwirizo ngati nkhuku yofuna poikira. Maganizo ankapita uku n'kubwerera uku. Atchule, nyumba ikhale yake. Chabwino, nanga lendi ya mwezi wamawa idzachokera kuti, munthu amene ngakhale madzi akumwa anthu salandira kwa iye? Adzakhala m'nyumba yakeyo ngati wakhate mpaka imvi, osagwira mwana wa mnzake, osaphika pamaliro, osaponda pakhomo pa amake ngakhale amakewo atamwalira. Asatchule, amasuke. Chabwino, nanga mchenga uja anasenza? Nanga sukulu ya Kezia? Ku Zumbo amaphunzitsa m'Chipwitikizi, chinenero chimene mwanayo sankadziwa ngakhale moni wake.

Chimene chinamuthyola mafupa chinali chifuwa cha Kezia. Chimwalirire Lazarus, Emelina ankaphika ndiwo n'kuitana mwanayo kuti adzathire yekha mchere. Koma tsiku lina, mutu uli ku Mburuma, dzanja linangopita lokha m'chitini, n'kuwaza mumphika mwa chizolowezi. Anazindikira Kezia atatsuka kale m'manja. Mwanayo ankatsokomola ndi kale, koma kuyambira tsiku limenelo chifuwa chilichonse chinkamulasa Emelina pamtima. Anadziuza kuti ndamudula ndine mwana wanga, ndipo ndikakhala chonchi ndidzamupha.

Lachisanu linafika. Komiti inakhala pakhonde la ofesi ya bungwe, anthu a m'komboni atadzaza pabwalo, ena atafunda zitenje kumutu chifukwa cha dzuwa. A Nason anabwera pa njinga ya Lazarus, opanda ndi manyazi omwe, n'kuitsamiritsa pamtengo pamaso pa aliyense. Thecla anamupeza Emelina kumbali.

"Amai, musaope," ananong'ona. "Mwaiona njingayo? Adzibweretsera okha umboni. Inu mungonena zoona, zotsalazo ndi zanga. Ba tcheyamani ali kumbali yanu, shuwa."

Emelina anamusiya pamenepo. Anakakhala pansi kutsogolo, ndipo akazi amene anali pafupi anasendera pang'ono, kumusiyira malo aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna.

A Bornface, apampando a komitiyo, anali mphunzitsi wopuma, munthu wosakonda phokoso. Anafotokoza lamulo monga analifotokozera Thecla, pang'onopang'ono, kuti ndi mwana yemwe amve. Kenako anatembenukira kwa a Nason.

"Akulu, mng'ono wanu anasiya katundu wanji?"

"Ine ndine mlendo kuno, apampando," anayankha a Nason atavula chipewa. "Za m'nyumba amadziwa ndi mwini mphika. Funsani mlamu wangayu. Chimene anene iye, inenso ndi chomwecho."

Emelina anamva maso onse pamsana pake. Anayang'ana kumtunda, n'kuona denga la nyumba yake likunyezimira pakati pa anzake, ndi mtengo wa papaya umene anadzala kuseri. Anayang'ananso a Nason. Iwo ankachotsa minga ya nseru pa thalauza lawo, osatekeseka.

"Amake Kezia," anatero a Bornface, "malemu amuna anu anasiya chiyani?"

"Sanasiye kanthu."

Mawuwo anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina. A Bornface anavula magalasi.

"Mayi, mwamva bwino funso? Mukudziwa chimene yankho lanu likutanthauza pa nyumba ija?"

"Ndamva, apampando. Matenda anadya zonse. Sanasiye kanthu."

Thecla anadzambatuka, mpando n'kugwa kumbuyo. "Amai! Nanga sofa? Ine ndinakhalapo pa sofa ija, munandipatsa tiyi! Nanga mwadiya? Nanga njinga iyo ili apoyo, imene ba Lazarus ankabwera nayo pano pa ofesi?"

"Zinali zobwereka," anatero Emelina, maso ali pansi. "Eni ake anatenga."

"Aneba, inu simunaone thiraki? Lankhulani!"

Aneba anaona zala zawo za kumapazi. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti mayiyu akunama, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake, kupatula Thecla yekha. Akazi ena achikulire ankagwedeza mitu movomereza, poti iwonso anadutsamo. A Bornface anafunsanso kachitatu, ndipo yankho linali lomwelo. Anapumira m'mwamba.

"Komiti siingalowe m'kamwa mwa munthu," anatero. "Ngongole ya malemu Lazarus yafa nawo limodzi. Palibe amene ailipire. Nyumba ibwerera ku bungwe."

A Nason anavala chipewa chawo. "Mwaona, apampando? Mlandu wa pachibale umatha ndi pakamwa. Tiyeni mlamu, ndili ndi ulendo wautali."

Khamu lonse linawatsatira mpaka kunyumba. Kezia anali atangofika kuchokera kusukulu, ali ndi yunifomu yake, ndipo anaima pakhonde akudabwa kuti anthu onsewa akufuna chiyani. A Nason anamuimika Emelina pakhomo, nkhope kuyang'ana kunja. Anapisa m'thumba la malaya, anapisa la thalauza, n'kuseka.

"Ha, ukalamba! Ufa ndaiwala kumudzi. Mlamu, mulibe kaufa m'nyumbamo?"

Anthu inu, pali zinthu zina zoti ukamazikamba lilime limalemera. Emelina analowa m'nyumba. M'chidebe munali ufa wa pansi penipeni, umene ankati aphikire Kezia phala madzulo. Anaukokota ndi chikhatho, anagogoda chidebecho m'mbali, n'kutuluka nawo m'kambale. A Nason anatapa ndi zala, n'kumupaka pamphumi mofulumira ngati munthu wopaka laimu pakhola, wotsalawo n'kuuwaza pakhomo.

"Inu nonse ndinu mboni," anatero mokweza. "Mwana wa eniyu tamumasula. Lazarus, musiye mkaziyu, ulendo wako ndi wina. Mlamu, mwamasuka. Pitani kulikonse kumene mtima wanu ukufuna."

Mayi wina anayesa kuimba nthungululu, koma inafera pakhosi. A Nason anakutumula m'manja, anasisita Kezia pamutu, anakwera njinga ija n'kumatsetsereka kulowera kumsewu.

Emelina anadikira kuti amve kupepuka kumene akazi anzake ankanena. Sanamve kanthu. Anangomva kutopa, ndi ufa ukumata pathukuta.

Anthu atabalalika, Thecla anatsala. Maso ake anali ofiira.

"Amai, mwandichititsa manyazi," anatero. "Ndinakumenyerani nkhondo mu komiti, ena ankafuna kukutulutsani kalekale. Akufunsani katatu konse. Chifukwa chiyani?"

"Amadamu, inu mukaweruka mumakagona nokha," anayankha Emelina. "Ine ndimagona ndi wakufa, kudzuka naye, kuphika naye. Khoti lanu likanandipatsa makoma. Likanamuchotsa pamsana panga?"

"Koma ndi ufa chabe, amai! Ufa wa m'chidebe chanu chomwe!"

"Ee, ndi ufa. Koma dzanja linafunika lawo."

Thecla anati mwezi sunathe, akhoza kukhalamo kaye masiku otsalawo. Emelina anapukusa mutu. Kukhaliranji, kuti aziwerenga malata? Analowa, n'kumanga miphika, mabulangete ndi zovala m'zitenje. Sizinatenge nthawi, poti a Nason anali atamupeputsira kale ntchito. Kenako anatenga tsache n'kusesa zipinda zonse ziwiri mpaka m'makona, kuti olowamo asadzanene kuti mkazi wa ku Zumbo anali wauve. Anatseka chitseko, n'kupereka kiyi. Thecla anailandira akuyang'ana kumbali.

"Amama, tikupita kuti?" anafunsa Kezia. "Lolemba tili ndi mayeso."

"Kwa ambuye ako, tsidya."

"Tibwerako liti?"

Emelina anawerama kuti amuthandize kusenza kamtolo kake. Mwanayo anatsokomola, kenako anayang'anitsitsa nkhope ya amake, n'kukoka mkono wa yunifomu yake.

"Amama, mwada ufa pamphumi. Imani ndikupukuteni."

Emelina analigwira dzanjalo m'malere, mwamphamvu, mpaka mwanayo anati mayo.

"Usapukute!" anatero. "Usaukhudze n'komwe. Anthu auone. Ndaugula ndi nyumba."

Njira yachidule yopita kudoko inalipo, yodutsa kuseri kwa tchalitchi. Emelina sanaitenge. Anasenza mtolo wake, anagwira Kezia padzanja, n'kulowera njira yaitali yodutsa pakati pa msika, akuyenda pang'onopang'ono, mphumi ili poyera, thukuta likutsitsira ufawo m'maso.